Mtengo wa Mango wa Kuseri kwa Nyumba

Inu atate ndi amayi a m'midzi yonse kumene kalata iyi ifika, ndi inu ana amene muiwerengera akulu madzulo: mwezi uno ndifuna kucheza nanu za chinthu chimene tichiona masiku onse, koma sitichiyesa kanthu kufikira tsiku limene chichoka. Ndinena za mtengo wa zipatso wa kuseri kwa nyumba. Ine ndidabadwa chaka cha 1957, m'mudzi wina wa m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi mishoni ya Nguludi. Ndipo pokumbukira ubwana wanga, chimene chiyamba kundidzera m'maso si nyumba imene ndidabadwiramo ayi, pakuti idagwa kalekale, koma mtengo waukulu wa mango umene udaima kuseri kwake. Mtengowo udandidyetsa, udandipatsa mthunzi, udandiphunzitsa mwambo. Ndipo potsiriza pake woudula ndidali ine ndemwe. Ndikusimbirani zonse mosabisa, kuti kapena wina wa inu amene wanola kale nkhwangwa yake ayambe waima, nalingalira.

Mango a njala

Akuluakulu a kwathu ankawerenga zaka poyambira pa njala ya 1949. Dzinja limenelo mvula idayamba bwino, anthu nabzala. Koma idadula mmera usanakhwime, dzuwa lidaomba masabata ambiri, ndipo minda idapserera. Pofika kumapeto kwa chaka nkhokwe zonse zidali zopanda kanthu. Njalayo idakula kwambiri m'chigawo cha kummwera, makamaka ku Lunzu ndi m'midzi yozungulira Blantyre. Anthu adadya gaga ndi mizu ya m'tchire. Amuna ambiri adachoka kunka kukasuma, ndipo ena a iwo sadabwererenso kwa akazi awo.

Agogo anga aamuna adali mkamwini pamudzi pathu. Iwonso ankapita kukasuma cha ku Mulanje, nagwira ganyu m'minda ya eni chinangwa, nabwera atasenza makaka. Koma ulendo uliwonse udali wa masiku ambiri, ndipo masiku amenewo agogo aakazi ankatsala ndi ana anayi, m'nyumba mulibe ufa ngakhale wa phala. Chimene chidawapulumutsa ndi ichi: tsidya la mtsinje kudali mayi wina wokalamba amene adali ndi mitengo iwiri ya mango, ndipo sadakanize munthu. M'mawa uliwonse agogo ankawoloka ndi nsengwa, natola mango, akupsa ndi aawisi omwe. Aawisiwo ankawaphika mumphika kufikira atafewa, ana nadya, namwera madzi, nagona. Amayi anga, amene pa nthawiyo adali kamtsikana ka zaka 10, sadaiwale fungo la mango ophika kufikira ukalamba wawo.

Mvula itagwanso, njala isanathe, agogo aamuna adasankha njere zitatu mwa zimene ana adataya padzala, nazikwirira kuseri kwa nyumba, nazitchingira ndi minga. Akamwini anzawo adawaseka, nati: "Kodi inu mubzala mtengo pamudzi pa eni? Tsiku limene adzakupirikitsani, mudzausenza pamutu kodi?" Koma iwo adayankha kuti: "Ine ndingathe kuchoka, koma ana anga ndi apano. Ikadzabwera njala ina, asadzawolokenso mtsinje." Mwa mitengo itatuyo, umodzi udadyedwa ndi mbuzi, wina udauma ndi chiswe, wachitatu ndiwo udakula.

Moyo wa pansi pa mtengo

Pamene ine ndidayamba kuzindikira zinthu, mtengowo udali utapitirira denga, nthambi zake zitatambalala kotero kuti mphasa zinayi zinkakwana mumthunzi mwake. Nyumba yathu idali yaing'ono, yofolera ndi udzu, ndipo tinkalowamo pogona pokha, kapena pothawa mvula. Moyo wonse wa usana udali pansi pa mango. Pamenepo ndipo pankakhala mtondo ndi minsi yake. Pamenepo amayi ndi abale awo ankakonola chimanga m'mamawa, napeta, nasankha nandolo, nasadzula nkhwani, nkhuku zilikutola zakugwa kumapazi kwawo. Agogo aamuna adali ndi malo awo patsinde, pamene ankalukira madengu ndi malichero, ndi kusema mipini ya makasu. Mlendo pofika sankataya nthawi kuodira pakhomo, koma ankalunjika kumtengo, podziwa kuti eni nyumba ali komweko. Ankhoswe adakambirana maukwati a azakhali ndi amalume anga pansi pa mtengo womwewo. Milandu ya mbuzi zolowa m'munda wa mwini idathera pomwepo. Mwezi wa Okutobala tinkapemphera kolona pomwepo madzulo, poti m'nyumba mudali motentha. Ndipo tsiku limene agogo aamuna adatisiya, amuna a mudzi wonse adachezera pamoto pambali pake.

Mtengowo udalinso ndi malamulo ake, ndipo wosunga malamulowo adali agogo aakazi. Mango oyamba kupsa sankadya mwana; tinkawatenga ndi manja awiri, ndi kukapereka kwa akulu titagwada. Kugenda miyala anthu ali pansi kudali mlandu wa chikoti. Za anthu odutsa m'njira agogo ankati: "Akugwa okha ndi a aliyense, a mumtengo ndi a mwini." Wapaulendo ankadya mpaka kukhuta, natenga awiri kapena atatu a m'njira, koma kubwera ndi thumba osapempha kudali kuba. Ife ana tinkadandaula poona ana a eni alikudya mango athu, koma agogo ankatidzudzula, nati: "Kupatsa n'kuika. Amayi anu akadapanda kudya mango a mwini, inu mukadabadwa kodi?"

Nyengo ya mango

Mwana wa kumudzi adziwa miyezi poyang'ana mitengo. M'chisanu, mwezi wa Julayi ndi Ogasiti, mango ankachita maluwa, mtengo wonse nusanduka wofiirira, njuchi ndi ntchentche zilikulira m'menemo kuyambira m'mawa. Chiperoni chikakhalitsa pa nthawi imeneyo agogo ankapukusa mutu, pakuti chinyezi chiyoyola maluwa, ndipo chaka chotero zipatso zichepa. Pofika Seputembala tinkaona timango tating'ono ngati mazira a nkhunda, ndipo mayeso athu ankayambira pamenepo. Ndani mwa inu sadabepo mchere wa amake, nakabisala kuseri kwa nkhokwe ndi mango anthete? Koma utomoni wa mango aawisi utentha milomo, nusiya zilonda. Tsiku lina agogo adandiitana, monga agogo aitanira mdzukulu wamwamuna, nati: "Tabwerani kuno, amuna anga, ndione pakamwa panu." Ine ndidati: "Sindinadye ayi, agogo." Iwo adaseka, nati: "Nanga zilondazi wakupatsani ndani? Mtengo wakunenezani."

Akulu ankatiopseza kuti mango aawisi adwalitsa malungo. Lero tidziwa kuti malungo adza ndi udzudzu, umene uchuluka pamene mvula yayamba, ndiyo nyengo yomweyo imene mango achuluka. Koma za kupweteka kwa m'mimba ndi kuyayamira kwa mano akuluwo sadaname ayi.

Tsono idze mphepo ya mvula yoyamba, usiku wa mwezi wa Novembala! Tili gone pamphasa tinkamva mango alikugwa kunja, phu, phu, ndipo tulo tinkatha. Tambala asanalire kachiwiri tinkatuluka ndi nsengwa, kuthamangira kuti tifike nkhumba za anansi zisanafike. Mango athu adali aang'ono, a ulusi wambiri, okoma ngati uchi. Tinkawafinya ndi zala kufikira atafewa, ndi kuboola kansonga, ndi kuyamwa. Madzi ake nayenderera m'mikono mpaka m'zigongono, malaya a kusukulu nasanduka achikasu. Alongo anga ankatsuka njere, naziyanika, napesa ulusi wake ngati tsitsi, nazibereka kumbuyo ngati ana. Masiku amenewo nsima ya masana inkatsala m'mbale, ndipo amayi sankadandaula, pakuti ndiyo miyezi imene chimanga chiyamba kuchepa m'nkhokwe, ndipo mtengo unkathandiza nkhokwe kufika patsogolo. Otsala amayi ankasenza padengu kunka nawo kumsika, nabwera ndi mchere, sopo ndi palafini. Ndipo kawiri kapena katatu ndalama zanga za sukulu zidachokera m'dengu lomwelo, pakuti sukulu ya pulayimale idali yolipira kufikira chaka cha 1994.

Mango sadali okha pakhomo pathu. Kumene kunkatsikira madzi a kubafa kudali phata la nthochi. Mkoko ukakhwima agogo ankaudula, nauvundika mumtsuko waukulu ndi masamba, ndipo ife tinkayendera mtsukowo m'mawa ndi madzulo ngati odwazika matenda. Padzala padamera mapapaya okha, popanda wobzala. Ndipo ukapezeka wamphongo, umene uchita maluwa osabala, anyamata ankaumangirira chitsononkho, ati kuti uchite manyazi ubale. Pafupi ndi khola padali gwafa, amene ankapsa m'masika, mango atatha kale. Padalinso mtengo wa mandimu, umene mbande yake amalume adaipempha kumunda wa kumishoni. Mandimu ake ndiwo ankapsa m'chisanu, ndipo wodwala chifuwa ankamwa madzi ake otentha. Ndipo kuphiri kudali masuku, amene tinkatola popita kunkhuni. Chotero chaka chinkazungulira, mtengo uwu ukaleka, uwo nuyamba. Sitidadziwe pa nthawiyo zimene a chipatala atiphunzitsa lero, zakuti m'mango ndi m'mapapaya akupsa muli chakudya cholimbitsa maso, chimene achitcha vitamini A, ndi kuti m'magwafa, m'mandimu ndi m'malambe muli vitamini C wambiri, wothandiza nkhama ndi kupola kwa zilonda. Ife tinkangodya poti n'zokoma, ndipo thupi linkalandira zake mwakachetechete.

Kumene mitengoyi idachokera

Ana ambiri ayesa kuti mango ndi mtengo wa m'dziko muno chiyambire, monga mkuyu kapena mlambe. Sikutero ayi. Kwawo kwa mango ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Adafika kugombe la kum'mawa kwa Africa m'zombo za amalonda, nalowa kuno potsata njira za anthu ogula minyanga ndi akapolo. N'chifukwa chake mitengo yakalekale ya mango ichuluka m'mbali mwa nyanja, monga ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, kumene apaulendowo ankapumula. Mapapaya, magwafa ndi mapeyala kwawo ndi ku America, cha ku Mexico ndi maiko a kummwera kwake, ndipo adawoloka nyanja zazikulu chitapita chaka cha 1500. Malalanje ndi manachesi adachokera ku China ndi maiko ozungulira. Nthochi nazonso zidachokera ku Asia, ngakhale zidafika mu Africa kale kwambiri. Pambuyo pake amishoni, amene adakhazika Blantyre chaka cha 1876, Nzama 1901, Mua 1902 ndi Nguludi 1903, ankalima minda ya zipatso pambali pa nyumba zawo, ndipo antchito ndi ana a sukulu ankatenga njere ndi mbande kunka nazo kwawo. Lero manachesi a ku Mwanza ndi ku Neno, ndi mapichesi a ku Dedza ndi ku Ntcheu, tiwayesa athuathu, ndipo ndi athudi. Koma poyamba padali munthu wina amene adasenza njere, nakumba, nathirira.

Zipatso zathu za makolo ndizo masuku, maula, mateme, nthudza, mapoza, matowo, bwemba ndi malambe. Zimenezi makolo athu sankabzala, pakuti tchire lidali lalikulu, ndipo aliyense ankatola. Koma taonani kusintha kwake: pa kalembera wa 1966 anthu m'Malawi adali 4 miliyoni, pa kalembera wa 2018 adapitirira 17 miliyoni. Tchire lasanduka minda, mapiri ayera, ndipo kwathu mwana wofuna masuku awagula pamsewu ndi ndalama. Tsono mtengo umene sitiubzala pakhomo, ana athu sadzaupeza kwina.

Kulakwa kwanga

Ndifike tsopano pa mawu ondilemera. Chaka cha 1998 amayi adali atakalamba, ndipo nyumba yawo inkadontha. Ine ndidali pantchito ya uphunzitsi kutali ndi mudzi, ndipo ndidatsimikiza mtima kuwamangira nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata. Anyamata adaumba njerwa, nazipanga uvuni; chidatsala ndi nkhuni. Kuphiri kudalibe mtengo wotsala, ndipo ogulitsa nkhuni adatchula mtengo umene thumba langa silikadakwanitsa. Pamenepo maso anga adagwa pa mango a agogo, amene adali pafupi kukwana zaka 50, thunthu lake loti anthu awiri sangalikumbatire.

Pamene ndidawauza amayi, adakhala chete nthawi yaitali, nati: "Bambo, nyumba ndiifuna ndithu, koma mtengo uwu si wanu, ndipo si wanga." Ine ndidati: "Amayi, mango ngambiri m'mudzi muno. Kodi mthunzi ungakufunditseni mvula ikamagwa?" Iwo sadayankhe; ndipo popeza ndidali mwini mbumba, ndiponso mwini ndalama, padalibe wonditsutsa. Adaudula masiku awiri, ndipo udapsa muuvuni masiku atatu.

Nyumba idamangidwa, yokongola, ndipo amayi adathokoza. Koma pobwera pa tchuthi ndidapeza pakhomo pali zii. Mtondo adausamutsira kwa anansi kumene kudali mthunzi, ndipo amayi onse adautsata; alendo ankangopereka moni ali chiimire, napitirira; malata ankatentha masana kotero kuti amayi ankakhala pakhonde, nasuntha mkeka wawo potsata kamthunzi ka chipupa. Ndidaona zimenezi, koma ndidadzilimbitsa mtima kuti adzazolowera.

Kenaka idadza njala ina. Zokolola za 2001 zidachepa, chimanga chidasowa m'misika, mtengo wake nukwera kangapo, kufikira boma lidalengeza mwezi wa Febuluwale 2002 kuti dziko lili pangozi ya njala. Ndipo anthu ambiri adafa, makamaka m'chigawo chapakati. Mwezi wa Disembala 2001 ndidafika kumudzi ndi kathumba ka ufa, kamene sikakadatha ngakhale masabata awiri pa anthu onse aja. Pakhomo padalibe ana. Patapita nthawi ndidawaona ana a mlongo wanga alikukwera kuchokera kumtsinje, atasenza beseni la mango aawisi, amene adakapempha kutsidya. Amayi adawalandira, nasonkha moto kuseri kwa nyumba yatsopano, pambali pa chitsa chija, nayamba kuphika. Sadandidzudzule, sadandiyang'ane n'komwe, adangoti, maso ali pamphika: "Tawolokanso mtsinje."

Abale, ndalandira mawu ambiri owawa pa moyo wanga, koma oposa amenewa sindidawamve. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo madzi akatayika saoleka.

Mwezi wa Januwale 2003 ndidabzala mitengo itatu pafupi ndi chitsacho: iwiri yomezanitsa, yogula kunazale, ndi umodzi wa njere ya mango a ulusi, yochokera kutsidya konkuja. Yomezanitsayo idayamba kubala chaka chachinayi, ndipo amayi adalawako asanatisiye. Oyamba kupsa ndidawapatsa ndi manja awiri, nditagwada. Wa njere uja lero wapitirira denga, ndipo mtondo wabwerera. Koma kuti ufike pa msinkhu wa uja ndidadula, ine sindidzakhalapo.

Tisaweruzane, koma tichenjezane

Sindinena kuti nyumba yabwino ndi chinthu choipa, kapena kuti aliyense wodula mango ndi wopanda nzeru. Ambiri adula chifukwa cha umphawi: wina afuna nkhuni za njerwa, wina makala, wina matabwa a bokosi la maliro, wina ndalama ya kuchipatala. Koma tiwerengere bwino. Wogula akupatsa ndalama kamodzi, ndipo itha mwezi usanathe. Mtengo ukadakupatsa zipatso chaka ndi chaka, iwe ndi ana ako ndi adzukulu. Njira zina zilipo. Mtengo waukulu ungathe kuudulira nthambi zina, nupereka nkhuni, nuphukanso. Nyumba ya zidina, ikakhala ndi maziko okwera ndi denga lotulukira kunja, ikhalitsa zaka zambiri. Ndipo boma lomwe, poona kutha kwa mitengo, lidaletsa chaka cha 2018 kumangira njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda. Koma ngati kudula sikungalephereke, lamulo likhale ili: usadule umodzi usanabzale itatu, niphuka.

Kabzalidwe kake

M'mera mpoyamba. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma wanzeru abzala kumayambiriro, kuti mbande imwe mvula yonse ya dzinja. Kumbani dzenje mvula isanagwe, la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe; dothi la pamwamba mulisakanize ndi manyowa owola bwino, ndi kulibwezera pansi. Mango ndi mapeyala akhale patali ndi chipupa cha nyumba, ndi motalikirana mamita 9 kapena 10, pakuti adzakula. Mapapaya ndi magwafa safuna malo aakulu. Mukabzala, tchingani ndi minga kapena nsungwi, chifukwa mbuzi ndiye mdani woyamba. Phimbirani patsinde ndi udzu, koma usakhudze thunthu, kuopa chiswe. Ndipo m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri musaumane madzi, ngakhale otsukira mbale omwe.

Wofuna kudya msanga abzale papaya, amene abala chaka chisanathe kapena chitangotha, ndi gwafa, amene abala pa zaka ziwiri kapena zitatu. Mango a njere adikiritsa zaka zisanu kapena kupitirira. Omezanitsa, monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, amene adachokera ku Florida, abala pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo alibe ulusi wambiri, chotero agulika bwino. Koma musataye mango athu akale, monga boloma, dodo ndi kalisere: ndiwo opirira chilala, ndiwo a mthunzi waukulu, ndipo pa tsinde lawo ndi pamene amezanitsapo enawo. Kumezanitsa si matsenga. Ndiko kutenga kanthambi ka mtengo wobala bwino ndi kukalumikiza pa mbande ya njere, ndi kumanga zolimba kufikira zitagwirana. Alangizi a zaulimi aphunzitsa zimenezi, ndipo mnyamata wa dzanja labwino aphunzira tsiku limodzi. Ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kuli malo ofufuzira za zipatso. Ndipo ku Makoka, m'boma la Zomba, akatswiri adaonetsa kuti masuku omwe atheka kumezanitsa, nabala msanga kuposa a m'tchire.

Adani awiri muwadziwe. Woyamba ndi ntchentche yoikira mazira m'zipatso, imene mphutsi zake muzipeza m'mango ndi m'magwafa. Mphutsizo zituluka m'chipatso chakugwa, nizilowa m'nthaka, nizisanduka ntchentche zina. Chifukwa chake tolani zakugwa zowola masiku onse, ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya. Iyi ndi ntchito yoyenera ana. Wachiwiri ndi chisaka, nthenda ya nthochi imene idalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, niononga minda yambiri ku Nkhata Bay, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Nthochi yodwala ipinimbira, masamba ake nachepa, naunjikana kunsonga, ndipo sibala. Ifala ndi nsabwe za pa nthochi, ndiponso ndi ana a nthochi otengedwa pa phata lodwala. Mankhwala ochiza palibe: zulani phata lonse ndi mizu yake, ndipo mbewu yatsopano mutenge kumene alangizi akulozerani.

Mawu otsiriza

Kwa inu akamwini ndinena mawu a agogo anga: mungathe kuchoka, koma ana anu ndi apomwepo. Musaope kubzala pamudzi pa eni. Mtengo umene mubzala udzatchedwa ndi dzina lanu pamene khasu lanu laiwalika. Kwa inu eni mbumba: musagulitse mtengo wa makolo muli nokha, monga ndidachitira ine, funsani alongo anu, amene aphika ndi kusinja pansi pake. Kwa inu amayi: njere ya mango okoma musaitaye pamoto, ikwirireni isanaume, pakuti ikakhalitsa simera. Ndipo inu ana amene mwawerengera akulu mawu awa, mawa m'mawa funsani agogo anu kuti mtengo wa pakhomo panu adabzala ndani, ndi chaka chanji. Mudzamva mbiri ya banja lanu imene simudaimvepo.

Tonsefe tidadya za mitengo imene sitidabzale. Imeneyi ndi ngongole, ndipo eni ake adagona kale. Njira yoibwezera ndi imodzi yokha, ndiyo kukumba dzenje kuseri kwa nyumba dzinja lomwe lino. Mulungu adalitse makomo anu ndi ntchito za manja anu. Tsalani bwino.